Mafunso Anu: George W. Julian ndi Milandu ya Malo a Boma ku America

FUNSO: Ndine wophunzira zamalamulo, ndipo powerenga mbiri ya malo m'dziko la America ndakumana kangapo ndi dzina la George W. Julian. Kwina amamutchula monga munthu amene analimbana ndi ukapolo, kwina monga katswiri pa nkhani za malo a boma. Kodi anali ndani, nanga zinthu ziwirizi zikukhudzana bwanji?
Wophunzira, Zomba

YANKHO: George Washington Julian anabadwa pa 5 Meyi 1817 pafupi ndi tauni ya Centerville m'chigawo cha Indiana. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 6, ndipo anakulira m'manja mwa mayi ake movutikira, m'dera limene munali anthu ambiri a mpingo wa Quaker, amene ankadana ndi ukapolo kuyambira kalekale. Anaphunzitsako ana kwa kanthawi, kenaka anaphunzira zamalamulo podziwerengera mabuku monga ankachitira achinyamata ambiri a nthawiyo, ndipo mu 1840 analoledwa kuyimira anthu pa milandu. Mu 1845 anasankhidwa kukhala phungu m'nyumba ya malamulo ya Indiana kudzera m'chipani cha Whig, koma mu 1848 anachoka n'kulowa chipani chatsopano cha Free Soil, chimene chinkafuna kuti ukapolo usafalikire m'madera atsopano a kumadzulo ndiponso kuti boma lizipereka malo kwaulere kwa anthu amene akufunadi kukhalapo ndi kulima.

Analowa m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, yotchedwa Congress, mu 1849, koma anagwa pa chisankho chotsatira mu 1851. Mu 1852 chipani chake chinamuimika kuti akhale wachiwiri kwa John P. Hale pa chisankho cha pulezidenti, ndipo sanapite patali. Anabwerera ku Congress mu 1861 monga phungu wa chipani cha Republican n'kukhalako mpaka 1871, ndipo kuyambira 1863 anali wapampando wa komiti yoona za malo a boma. Anali mmodzi mwa aphungu oyambirira kupempha kuti malamulo aakulu a dziko asinthidwe kuti amayi aziponya voti, ndipo anachita zimenezi mu 1868. Pambuyo pake anasemphana maganizo ndi chipani chake, n'kumathandiza chipani cha Democratic, ndipo anamwalira pa 7 Julaye 1899 ku Irvington, pafupi ndi mzinda wa Indianapolis.

Kuti muone pamene ukapolo ndi malo zikukumanira, muyenera kudziwa kaye chimene ankati malo a boma. Boma lalikulu la America linali ndi malo ochuluka zedi kumadzulo, ena ogulidwa kwa France mu 1803, ena olandidwa kwa Mexico pa nkhondo ya 1846 mpaka 1848, ndipo onsewo anali okhalamo kale mitundu ya eni nthaka. Oyeza malo ankawadula m'zigawo zofanana mbali zonse, mtunda wa mailosi imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, kutanthauza maekala 640, ndipo kuyambira 1820 mtengo wotsikitsitsa unali madola 1.25 pa ekala. Amene anali ndi ndalama ankagula zigawo zambirimbiri n'kuzisiya zili tchire, kudikira kuti anthu achuluke mtengo ukwere. Julian ankakhulupirira kuti munthu wopanda malo amakhala m'manja mwa mwini malo, ndiponso kuti ukapolo wa kum'mwera unakhazikika chifukwa cha minda ikuluikulu ya thonje imene inali m'manja mwa mabanja ochepa. Kwa iye, kuphwanya ukapolo n'kusiya malo m'manja mwa anthu ochepa kunali kusiya ntchito panjira. Maganizo amenewa anawafotokoza kale mu Congress mu 1851, ndipo sanawasinthe mpaka ukalamba wake. Mphamvu zake zinali pamenepo, ndipo monga muonera m'mayankho enawa, zolakwa zake zinachokeranso pomwepo.

FUNSO: Ndinamva kuti ku America boma linkagawa malo kwaulere. Ngati n'zoona, nanga zinatheka bwanji kuti anthu olemera ndi makampani adzikundikirebe malo ochuluka chonchija?
Mlimi, Kasungu

YANKHO: N'zoona, bambo. Pa 20 Meyi 1862 Pulezidenti Abraham Lincoln anasayina lamulo lotchedwa Homestead Act, limene linalola munthu wazaka 21 kapena mutu wa banja kutenga maekala 160, omwe ndi pafupifupi mahekitala 65, atangolipira ndalama zochepa zolembetsera. Ankayenera kumangapo nyumba, kulima ndi kukhalapo zaka 5, kenaka n'kubwera ndi mboni ziwiri ku ofesi ya malo kuti alandire chikalata cha umwini. Amene anatsogolera lamuloli mu Congress anali Galusha Grow wa ku Pennsylvania, ndipo Julian anali mmodzi mwa amene analimenyera nkhondo kwa zaka zambiri.

Vuto linali loti lamuloli silinatseke njira zina zopezera malo. M'lamulo lomwelo munali gawo lolola munthu amene wakhala pamalo miyezi 6 yokha kugula malowo pa madola 1.25 pa ekala, ndipo makampani odula matabwa ndi oweta ng'ombe anapezerapo mpata. Ankalemba anthu aganyu kuti akalembetse malo m'maina awo, ndipo miyezi ikakwana kampani inkalipira, munthu uja n'kusayina kuti wagulitsa. Olemba nkhani a m'nthawiyo anasimba za kanyumba ka matabwa komangidwa pa magudumu, kamene ng'ombe zinkakoka kuchokera pamalo ena kupita pena, kuti mboni ikalumbire ndi mtima woyera kuti inaona nyumba itaima pamalopo. Tsiku lotsatira kanyumba komweko kankakaimanso pamalo a munthu wina. Ogwira ntchito m'maofesi a malo anali ochepa, mitunda inali italiitali, ndipo panalibe wopita kukaona ngati m'nyumbamo munayakapo moto.

Njira ina, imene inameza malo ambiri kuposa chinyengo cha mtundu umenewu, inali yovomerezeka ndi lamulo. M'chaka chomwecho cha 1862 Congress inavomereza kupereka malo kwa makampani omanga njanji yodutsa dziko lonse, ndipo pofika mu 1871, pamene mchitidwewu unatha, makampani a njanji anali atalonjezedwa maekala oposa 100 miliyoni. Malo a m'mbali mwa njanji ndiwo anali abwino kwa mlimi chifukwa msika unali pafupi, koma ambiri mwa iwo ankatsekedwa kwa zaka kudikira kuti kampani isankhe ake. Julian poyamba sanatsutse zonse, popeza ankaona kufunika kwa njanji, koma ataona m'mene zinthu zinkayendera anayamba kulimbikira kuti malo a makampani amene alephera kumanga njanji pa nthawi yake abwerere m'manja mwa boma, ndiponso kuti malo olimidwa asamagulitsidwe kwa wina aliyense amene sakufuna kukhalapo.

Mlandu umene unamupweteka mtima kwambiri unali wa malo a Suscol ku California. Khoti lalikulu la America litakana mu 1862 umwini wa Mariano Vallejo, munthu amene ankati anapatsidwa malowo ndi boma la Mexico, alimi anathamangirako poganiza kuti tsopano ndi malo a boma, ndipo anamanga nyumba n'kuyamba kulima modalira lamulo lakale lopatsa woyamba kukhala pamalo mwayi woyamba wogula. Chaka chotsatira Congress inapereka mwayiwo kwa anthu amene anagula kwa Vallejo, ndipo mlanduwo utafika ku khoti lalikulu, oweruza anagamula kuti mlimi amene sanalipirebe ndalama alibe ufulu umene boma silingauchotse, ngakhale atamanga nyumba ndi kulima zaka zingati. Julian anatsutsa chigamulochi poyera. Ndikuona kuti pamenepa anali ndi mfundo, chifukwa boma limene laitana anthu kuti akhale pamalo silinayenere kuwataya anthuwo atatha mphamvu zawo zonse pamalopo.

FUNSO: Nkhondo yapachiweniweni itatha, kodi Julian anawachitirapo chiyani anthu amene anamasulidwa ku ukapolo pa nkhani ya malo?
Mphunzitsi, Chipata

YANKHO: Mayi, anayesetsa kuposa aphungu ambiri, koma zotsatira zake zinali zochepa. Mu 1864 anabweretsa bilu yoti minda yolandidwa kwa anthu a kum'mwera amene anaukira boma pa nkhondoyo igawidwe m'zigawo zing'onozing'ono kwa asilikali ndi anthu ena okhulupirika ku boma mosayang'ana khungu. Biluyo inadutsa m'nyumba ya aphungu koma siinakhale lamulo, ndipo mu 1865 Pulezidenti Andrew Johnson anayamba kukhululukira eni minda ndi kuwabwezera malo awo, ngakhale malo amene anthu omasulidwa anali atayamba kale kulima.

Chimene chinatheka ndi lamulo la mu Juni 1866 lotchedwa Southern Homestead Act, limene linatsegula maekala pafupifupi 46 miliyoni a malo a boma ku Alabama, Arkansas, Florida, Louisiana ndi Mississippi, ndipo kwa miyezi yoyambirira amene anathandiza oukira boma sankaloledwa kulembetsa. Chiwerengerochi chimaoneka chachikulu, koma malo ambiri anali madambo ndi nkhalango zimene ena anazikana kale, ndipo munthu amene watuluka mu ukapolo wopanda ng'ombe, pulawo, mbewu ngakhale chakudya chodya podikira zokolola sakanatha kuswa mphanje. Ambiri analinso atamangidwa ndi mapangano a ntchito a chaka chathunthu m'minda ya ambuye awo akale. Mwa anthu pafupifupi 4 miliyoni amene anamasulidwa, amene anapeza malo kudzera m'lamuloli anali ochepa kwambiri, ndipo lamulolo linathetsedwa mu 1876.

FUNSO: Mukunena za malo a boma, koma malowo anali ndi eni ake azungu asanafike. Kodi Julian anaikapo mlomo pa zimenezi?
Wowerenga, Tete

YANKHO: Funso lanu lafika pamene mbiri ya munthuyu imayamba kuvuta. Mu 1868 akuluakulu a boma anakonza pangano loti mtundu wa Osage ugulitse maekala pafupifupi 8 miliyoni a ku Kansas kwa kampani ina ya njanji pa mtengo wa masenti pafupifupi 20 pa ekala. Julian anali m'gulu la aphungu amene anatsutsa panganoli mwamphamvu, ndipo linalephereka. Koma chimene chinawakwiyitsa kwenikweni chinali choti malowo akupita kwa kampani m'malo mopita kwa alimi ang'onoang'ono. Mu 1870 Congress inalamula kuti malowo agulitsidwe kwa alimi pa madola 1.25 pa ekala, ndalamazo n'kusungidwira mtundu wa Osage, koma eni akewo anasamutsidwirabe kudera limene lero ndi Oklahoma. Mtengo unakwera, ndipo chimenecho chinawathandiza pambuyo pake, koma mkangano wonse unali wa amene adzalowe m'malomo eni ake akachoka. Kuti mwina eni ake asachoke n'komwe sinali nkhani imene inkakambidwa mozama m'komiti ya Julian.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ndi anthu oyeza malo, ndipo ndinamva kuti Julian atakalamba anatumizidwa ku New Mexico kukathana ndi mbava za malo. Ena amamutama, pamene ena akuti anavulaza anthu osauka a kumeneko. Zoona zake n'ziti?
Wowerenga, Johannesburg

YANKHO: Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wake, ndipo nkhaniyi ikufuna kuifotokoza modekha. Dera la New Mexico linalamulidwa ndi Spain, kenaka Mexico, ndipo maboma awiriwa ankapereka malo m'njira ziwiri: kwa munthu mmodzi, kapena kwa gulu la mabanja ofuna kukhazikitsa mudzi. Popereka malo, mkulu wa boma wa m'deralo ankagwira dzanja wolandirayo n'kuyenda naye pamalopo, ndipo wolandirayo ankazula udzu, kuponya miyala ndi kufuula mawu otamanda mfumu kapena boma, kusonyeza kuti malowo walandira. Malire ankalembedwa potchula zinthu zooneka, monga mtsinje, kasupe, phiri kapena mtengo wodziwika. M'mudzi wotero banja lililonse linkalandira malo omangapo nyumba ndi kamunda kakang'ono m'mbali mwa ngalande yothirira, ndipo malo ena onse, msipu, nkhalango ndi mapiri, anali a mudzi wonse: aliyense ankadyetsako nkhosa, kutola nkhuni ndi kudula mitengo yomangira, koma panalibe wololedwa kuwagulitsa. M'dera louma ngati limenelo, kamunda ka m'mbali mwa mtsinje pakokha sikakanadyetsa banja popanda msipu.

Pangano la Guadalupe Hidalgo la mu 1848, limene linathetsa nkhondo ya pakati pa America ndi Mexico, linalonjeza kuti katundu wa anthu a ku Mexico okhala m'madera olandidwawo adzalemekezedwa. Mu 1854 Congress inakhazikitsa ofesi ya mkulu woyeza malo ku New Mexico, amene ankalandira zikalata zakale n'kulangiza Congress ngati zili zoona. Apa m'pamene akathyali analowera. Anthu a m'midzi ankayankhula Chisipanishi ndipo malamulo atsopanowo sankawadziwa, choncho maloya ankawayimira n'kulandira gawo la malo monga malipiro. Oyeza malo ankalipidwa potengera kutalika kwa mtunda umene ayeza, ndipo inu amene mumaidziwa ntchitoyi mukuona kale chimene chingachitike: ngati chikalata chikutchula phiri, ndipo pali mapiri awiri, lina pafupi lina kutali, woyeza ndi wofuna malo onse ankapindula posankha lakutali. Gulu la maloya, andale ndi amalonda lotchedwa Santa Fe Ring, limene mwa otchuka ake munali Thomas B. Catron ndi Stephen B. Elkins, linalemera kwambiri ndi ntchito zoterezi.

Chitsanzo chachikulu ndi malo otchedwa Maxwell. Anaperekedwa mu 1841 kwa Carlos Beaubien ndi Guadalupe Miranda, pa nthawi imene lamulo la Mexico linkaika malire a kukula kwa malo opatsidwa kwa munthu mmodzi, moti anthu awiri sakanapitirira maekala pafupifupi 97,000. Chikalata chimene boma la America linapereka mu 1879 chinali cha maekala 1,714,764, ndipo mu 1887 khoti lalikulu linachivomereza, potsatira mfundo yoti chimene Congress yavomereza makhoti sangachibweze.

Pulezidenti Grover Cleveland anamusankha Julian pa udindo wa mkulu woyeza malo ku New Mexico mu 1885, ali ndi zaka 68, ndipo anakhalapo mpaka 1889. Anatsegulanso mafayilo amene anzake am'mbuyo anavomereza, anafananiza zikalata ndi mapu, n'kulangiza kuti zina zikanidwe, zina zichepetsedwe. Mu 1887 analemba nkhani m'magazini ya North American Review yotchula maina a anthu amene ankawaganizira kuti aba malo, ndipo mmodzi wa iwo, Stephen W. Dorsey, amene anakhalapo senata, anamuyankha mwaukali m'magazini yomweyo. Kulimba mtima kwake sindikukukayikira ngakhale pang'ono, ndipo munthu wofuna kulemera sakanayambana ndi anthu amenewa.

Koma Julian anafika ku New Mexico ali ndi chithunzi chimodzi chokha cha umwini woyenera: banja limodzi, munda umodzi, chikalata chimodzi. Malo aakulu alionse ankawaona ndi diso lokayikira, kaya ali m'manja mwa loya wadyera kapena m'manja mwa mudzi wa oweta nkhosa osauka. Pa malo a midzi iye anaima pa mfundo yoti msipu ndi nkhalango za onse sizinachoke m'manja mwa boma la Spain kapena Mexico, choncho zinalowa m'manja mwa boma la America mu 1848, ndipo anthu a m'mudzi ayenera kupatsidwa nyumba zawo ndi minda imene ankalima basi. Cholinga chake chinali choti malo otsalawo atsegulidwe kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo sanaone kuti alimi ang'onoang'ono analipo kale ndipo moyo wawo unkadalira malo omwewo. Pamenepa ndikuona kuti analakwitsa kwambiri, ndipo kuona mtima kwake sikuchepetsa kupweteka kumene mfundoyo inabweretsa.

Sibwino kumusenzetsa yekha mlandu wonse. Iye ankangolangiza, ndipo midzi ina, monga ya ku Tierra Amarilla, inali itataya kale malo ake mu 1860 pamene Congress inawavomereza ngati a banja limodzi, ndipo pambuyo pake anagwera m'manja mwa Catron. Komabe mfundo imene iye analimbikitsa inapitirira atachoka. Mu 1891 Congress inakhazikitsa khoti lapadera la milandu ya malo otere, limene linagwira ntchito mpaka 1904 ndipo linavomereza maekala pafupifupi 2 miliyoni okha mwa maekala oposa 30 miliyoni amene anthu anabwera nawo, ngakhale kuti gawo lalikulu la okanidwawo linali la chinyengo chodziwikiratu cha James Addison Reavis, amene anapeka zikalata za maekala pafupifupi 12 miliyoni. Mu 1897, Julian akadali moyo, khoti lalikulu linagamula mlandu wa Sandoval wokhudza malo a San Miguel del Bado, m'mbali mwa mtsinje wa Pecos, amene anaperekedwa mu 1794. Oweruza anati malo a onse ndi a boma, ndipo malo amene anayezedwa kuti ndi maekala oposa 315,000 anatsika kufika pa maekala pafupifupi 5,000. Chigamulochi chinagwiritsidwa ntchito pa midzi ina imene milandu yake inali isanathe.

Akulu amati mlandu suola, ndipo ku New Mexico nkhaniyi sinagone. Mu Juni 1967 anthu otsogoleredwa ndi Reies López Tijerina analowa ndi mfuti m'bwalo la milandu ku Tierra Amarilla chifukwa cha madandaulo a malo omwewa. Mu 2004 ofesi ya boma yofufuza ntchito za boma m'malo mwa Congress inatulutsa lipoti lonena kuti njira zimene zinatsatidwa sizinaphwanye malamulo, ngakhale zinabweretsa mavuto kwa anthu ambiri, ndipo inasiyira Congress kusankha pakati pa kusachita kanthu, kuvomereza zovutazo, kukhazikitsa bungwe loziunikanso, kubweza malo ena kapena kulipira ndalama. Gawo lalikulu la msipu ndi nkhalango zimene midzi inataya lili lero m'manja mwa nthambi za boma, kuphatikizapo nkhalango za Santa Fe ndi Carson, ndipo zidzukulu za mabanja amene anazula udzu ndi kuponya miyala pamalowo zimafunika chilolezo cha boma kuti zidyetseko ng'ombe kapena kudulako nkhuni.